Malume Anga a Ngozo ndi Nyimbo Zomwe Sizidali Zawo

Mwezi uno tamanga chiliza cha malume anga, a Sitefano Ngozo, patatha chaka chimwalirire iwo. Pamwambowo anthu adayankhula zokoma zokhazokha, monga timachitira, moti mlendo akadaganiza kuti pansi pa simentiyo pagona mngelo. Ine ndidangokhala phee, chitenje kukamwa. Malume sadali mngelo ayi. Adali munthu wovuta, wamakani, wosadziwa kumene pepani amagulidwa, ndipo ndidawakonda kwambiri. Tsono ndati ndinene zomwe ndikudziwa ineyo, poti mwini wake amene ankandidula pakamwa adagona.

Aliyense wa kumtunda kuno, kuyambira ku Nzama mpaka kumalire, ankawadziwa chifukwa cha ngoma. Kwa amene simudaonepo, ngoma yathu ilibe ng'oma yoomba. Ng'oma yake ndi phazi la munthu ndi nthaka basi. Amuna amafola, chishango kumanzere, chibonga kumanja, wina n'kuyambitsa nyimbo, amayi n'kulandira ndi m'manja, kenaka mapazi onse amagwa pamodzi. Gulu la malume likaponda, masamba a mbatatesi m'munda wapafupi ankanjenjemera. Kwa zaka zambiri kudalibe ukwati waukulu, kulandira mlendo wolemekezeka kapena mpikisano wa magule kumene gulu limenelo silidaitanidwe, ndipo kumene lapita, ena ankangovinira kuti abwereko ndi dzina lachiwiri.

Ulemu umenewo sudangobwera wokha ayi. Malume ankaphunzitsa gule ngati akuweta ng'ombe zosamva goli. Munthu akachedwa, ankamubweza ngakhale akhale wa imvi. Wina phazi lake likatsalira pang'ono, gulu lonse linkayambiranso, mpaka amayi mawu kusasa. Ankakonda kunena kuti pakamwa pamanama koma phazi silinama, ndipo munthu ankamuweruza poona mayendedwe ake asadapereke n'komwe moni. Mnyamata wokwekwereza masilipasi ankati sangasunge banja. Kutchalitchi ankakhala mpando wa m'mbali mwa kanjira, ndipo kwaya ikasemphana ndi m'manja, ankatembenuka n'kuwayang'ana oyimbawo mpaka wina n'kuiwala vesi. Ine ankanditchula pamfunda, Nanyoni, n'kumati pakamwa panga ndi wailesi yothyoka chozimitsira. Sindikukana.

Koma padali dzina limodzi lomwe ngakhale ine wailesi sindinkalitchula iwo ali pomwepo. Dzina lake ndi a Damiano.

Ndiyambe ndi chaka chawo chomaliza. Miyendo idayamba kutupa, madokotala n'kunena kuti vuto ndi mtima. Taganizani, munthu amene moyo wake wonse udali m'mapazi, lero nsapato yosalowa. Adabwera kudzakhala kwathu pa boma masabata angapo kuti achepetse mtunda wa kuchipatala. Adali mlendo wovuta. Tiyi wachepa shuga, mpando wafewetsa, m'tauni anthu sapereka moni. Masana ankangokhala pabalaza, miyendo ataisanjika pa kampando, akuyang'ana khoma.

Bambo a kunyumba kwanga adasewerako basiketibolo ali ku sekondale, ndipo mpaka lero ludzu lake silidawathere. Adali ndi filimu ina yaitali, ya zigawozigawo, yofotokoza mbiri ya timu ina ya ku America yomwe kalelo inkatenga chikho chaka ndi chaka mpaka anzawo kutopa nayo. Loweruka lina masana adaiika pa TV. Ndidawatsina kuti asasokoneze odwala, koma malume adati asiyeni aone zibwana zawozo. Ataona amuna aataliatali akuthamangitsana ndi mpira m'manja, adaseka koyamba chibwerere.

"Mkamwini, amuna athunthu ngati amenewa, ndevu pepeya, kumasewera ntchemberembaye?"

Bambo adayesa kufotokoza malamulo ake, malume osasamala. Koma patapita kanthawi ndidaona kuti chipongwe chija chatha. Mpira sankauyang'ana n'komwe. Ankayang'ana pansi, kumapazi. Adati anyamatawa amamvana, wina akuponya mpira kumene mnzake sadafike, podziwa kuti afika. Adati zotere sizibwera ndi mwayi, alipo wina amene adawazunza. Adanena zimenezi monyadira, ngati akunena za mbale wawo.

M'filimuyo, pakati pa masewero akalewo, ankaonetsanso osewera omwewo atakalamba, aliyense atakhala pampando yekhayekha, akufotokoza za mtsogoleri wawo, katswiri wamkulu wa timuyo. Wina amuyamikire, wina adandaule za ukali wake. Malume Chingerezi ankangotolako apa ndi apo, koma adamva kuti onsewo akunena za munthu mmodzi. Ndidangoona avula chipewa n'kuchiika pabondo. Adafunsa motsitsa mawu kuti mnyamatayo adamwalira liti, ndipo chidamutenga n'chiyani.

Bambo adadabwa. Adati munthuyo ali moyo, si uyu wakhala apayu, wangonenepa ndi ukulu. Malume adakana. Kwathu kuno mbiri ya munthu imanenedwa bokosi lili pakati, mwini wake atatseka maso. Anthu kusonkhana kumafotokoza zabwino ndi zoipa za munthu, kuyambira ubwana wake, ndiye kuti pali maliro basi. Bambo adachita kubwereza kawiri kuti onsewo ngamoyo. Malume adayang'ananso pa TV, chipewa chili pabondo pomwepo.

"Ndiye kuti zonsezi akuzimva ndi makutu ake?" adafunsa. "Nanga bwanji sakukhala pamphasa imodzi?"

Bambo adati ena mwa iwo sayankhulana masiku ano.

Kuyambira tsiku limenelo filimu ija idasanduka ya malume. Akangobwera kuchokera kuchipatala, asadavule ndi jekete lomwe, ankati mkamwini ayatse anyamata aja. Ine ntchito zidandiima, chifukwa bambo akapita kuntchito womasulira ndidali ine. Ndipo m'zigawo zapakati mudatulukira munthu wina amene malume adamugwira ndi maso. Adali wachiwiri kwa katswiri uja, munthu wofatsa, woyankhula pang'onopang'ono. Ndiye ankatchinga adani, ndiye ankapereka mpira pamalo pake, koma chikho chikabwera, manyuzipepala ankalemba dzina la mnzake. Atamufunsa za zimenezo, mkuluyo adayamba wayang'ana pansi, n'kumwetulira kumwetulira kosafika m'maso.

Malume adati ndibweze pomwepo. Ndidabweza. Adati ndibwezenso. Nditayamba kumasulira zomwe munthuyo ankanena, adakweza dzanja.

"Usavutike, Nanyoni. Nkhope imeneyo ndikuidziwa. Ameneyo ndi Damiano."

Kadali koyamba kumva dzina limenelo likutuluka pakamwa pawo chichokere ine kusukulu ya pulayimale.

A Damiano adali mnzawo wa ubwana, adaweta limodzi ng'ombe, adabatizidwa tsiku limodzi. M'gulu lija malume adali phazi, a Damiano adali mawu. Ndiwo ankayambitsa nyimbo iliyonse, ndipo zambiri adapeka okha, zina adazitola kwa agogo awo m'Chingoni chakale chomwe ambirife timangoyimba osadziwa tanthauzo. Mawu awo adali opyapyala, okwera, oti ukamva uli kudimba umasiya khasu. Ali anyamata, awiriwa adapangana pamaso pa gulu lonse kuti amene adzatsogole kufa, wotsalayo ndiye adzamuyambitsire ligubo, gule amene timaperekezera naye wovina ngoma kumanda. Pangano lotere kwathu sasewera nalo.

Chidawalekanitsa ndi wailesi. Chaka china kudabwera anthu odzajambula nyimbo za makolo. Atatha kujambula adafunsa kuti nyimbozi n'zayani, ndipo malume, poti ndiwo adali kutsogolo ndi nthenga zambiri kumutu, adayankha kuti n'zawo. Basi. Kuyambira pamenepo dziko lonse linkamva mawu a a Damiano, woulutsa n'kumati imeneyo ndi nyimbo ya a Sitefano Ngozo ndi gulu lawo. A Damiano adapirira nthawi yaitali. Kenaka tsiku lina adawapempha malume mwaulemu kuti anthu aja akadzabweranso, adzakonzeko pang'ono, ana awo adziwe kuti bambo awo adasiyako kanthu. Malume adayankha pagulu kuti ng'ombe yotsogola ndi imodzi, zinazo zimatsata fumbi. A Damiano adanyamuka. Adayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuika chishango chawo pansi pamapazi a malume, n'kumapita. Mvula isadagwe adasamukira ku Bwanje, kwawo kwa akazi awo, kukalima mpunga.

Gulu silidafe tsiku lomwelo. Lidayamba kufota pang'onopang'ono ngati dzungu lodulidwa mizu. Oyambitsa nyimbo adayesedwa ambiri, malume n'kumawabweza onse, wina ati akulira ngati mbuzi, wina ati akuyimba ngati ali ndi mbatata mkamwa. Sadavomerepo kuti akufuna mawu a munthu mmodzi yekha. Wailesi ikaika nyimbo ija, ankatuluka panja kukayendera nkhumba.

Filimu ija titaimaliza, malume adangopita kukagona. Mawa lake m'mawa ndikuwapatsa mankhwala adandiuza kuti katswiri uja ndi chitsiru, koma chitsiru chamwayi, chifukwa chamva mlandu wake chikadali ndi makutu. Kenaka adati ndiwaperekeze ku Bwanje. Ndidakana ndithu. Ndidati adokotala aletsa maulendo, kuchigwa n'kotentha, miyendo yotereyi ikaphulika panjira ndidzayankha chiyani kwa abale. Adandiyang'ana momwe ankayang'anira kwaya.

"Ndikafa mawa, adzandiyambitsire ndani? Ukufuna ndikalowe m'manda ngati mbuzi yogwa m'chitsime?"

Ndidaona kuti munthuyu akuopa. Imfa sankaiopa ayi, koma kupita chete. Ndidakatenga chikwama changa.

Tidatsikira kuchigwa pa minibasi, kenaka pa njinga zamoto za kabaza. Malume chibadwire adali asadakwerepo kabaza, ankati mwamuna sanyamulidwa ngati thumba la feteleza, koma tsiku limenelo adakwera osatsutsa. Idali nyengo yokolola. Paliponse mpunga uli mbwee pa malona, amayi akupeta, abambo akupuntha, kutentha kochita kuwawa pakhungu. Tidafunsira mpaka tidapeza nyumba.

Adatilandira ndi aNambewe, akazi awo a a Damiano. Atawazindikira malume adagwira pakamwa, koma mwambo ndi mwambo, adayala mkeka, natipatsa madzi. A Damiano adali pakhonde pampando wa nsungwi, ataonda, dzanja lamanja lili lende, mlomo utapotokera mbali imodzi. ANambewe adatiuza kuti adagwa kumunda dzinja la dzana, matenda aja oumitsa ziwalo, ndipo chiyambire pamenepo sadatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe. Akafuna madzi amaloza. Kumtunda anthu ambiri ankazidziwa zimenezi, inenso ndidamvapo mphekesera kuti akudwala, koma ndani akadawauza malume, dzinalo lili loletsedwa?

Ndidaona nkhope ya malume ikugwa. Adayenda ulendo wonsewo kudzapempha mawu kwa munthu amene mawu adamuthawa. Ndidaganiza kuti tipereka moni n'kubwerera. Koma adapempha aNambewe kuti aitane anthu onse amene adali pafupi, opuntha mpunga, ana, adzukulu, aliyense. Atasonkhana, malume adagwira mzati wa khonde n'kutsika pang'onopang'ono mpaka maondo otupawo adafika pansi. Ine chibadwire ndidali ndisadawaonepo atagwadira munthu, kupatula pa Misa.

Adati abwera kudzanena mbiri ya a Damiano. Anthu adayang'anana, mayi wina mpaka adati kodi agogowa mutu ukuyenda, munthu ali moyo chonchi. Malume adati akudziwa, n'chifukwa chake afulumira. Adayamba kuyambira kubusa. Adatchula makolo a a Damiano, adatchula nyimbo imodziimodzi, kuti iyi adaipeka chaka cha njala, iyi adaipeka atamwalira mwana wawo woyamba, iyi adaitola kwa agogo awo. Adzukulu aja adali kukamwa yasa, poti ankangodziwa kuti agogo awo ndi mlimi wa mpunga wosayankhulayankhula. Pomaliza malume adati:

"Nyimbo zonse munkamva pa wailesi zija n'za munthu uyu. Ine ndinangoponda pansi. Dzina lake ndinadya ndine, ndipo ndinadya dala. Damiano, ndinakulakwira."

Tonse tidatembenukira kwa a Damiano. Iwo maso adali kuminda, kumene mbalame zinkatera pa ziputu za mpunga. Sadagwedeze mutu, sadatambasule dzanja lamoyo lija, ngakhale msozi. Malume adadikira ali chogwada mpaka anyamata awiri adabwera kudzawadzutsa. Tidakhalabe pamkeka mpaka dzuwa lidapendeka. Potsazika adawagwira mnzawoyo paphewa, koma a Damiano adali chiyang'anire kuminda.

Mu minibasi adandifunsa ngati ndikuganiza kuti adamva. Ndidati sindikudziwa, malume. Adati aka n'koyamba kundimva ndikuyankha mwachidule.

Adabwerera kumudzi, ndipo adakhalako miyezi yowerengeka. Ndikapita kukawaona ankafunsa ngati kwabwera uthenga uliwonse wochokera kuchigwa. Kudalibe. Kenaka adasiya kufunsa. Adamwalira m'mawa wina kukuzizira, m'nyengo ya mvula ya chiperoni, ali ndi chikhulupiriro choti mnzawo sadawakhululukire. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Uthenga wa maliro tidatumiza ku Bwanje mwamwambo chabe. Tsiku loika, Misa itatha, otsala a gulu lija adafola ndi zishango zawo, nkhalamba zingapo ndi anyamata ochepa. Adaima. Aliyense ankadziwa za pangano lija, ndipo padalibe wolimba mtima kuyambitsa nyimbo ya mwini wake. Akuluakulu adayamba kunong'onezana kuti tingonyamula ndi nyimbo za kwaya. Ndi pamene anthu adapatuka kumbuyo, tidaona adzukulu awiri atanyamula mpando wa nsungwi, aNambewe akutsatira. Adabwera pa lole ya ogula mpunga, atawakhazika pamatumba, fumbi lili mbuu m'tsitsi.

Adawatsitsa pafupi ndi bokosi. A Damiano adaliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka mlomo wopotoka uja udatseguka, ndipo mudatuluka mawu. Adali osasa, onjenjemera, koma adali omwe aja, okwera, ndipo mawu a nyimboyo ankamveka limodzilimodzi, munthu amene sankatha kupempha ndi madzi omwe. Idali nyimbo ya ng'ombe yotsalira kudambo zinzake zitalowa m'khola. Amayi adachedwa kulandira chifukwa cha kulira. Atalandira, mapazi adagwa pamodzi, ndipo malume adapita kumanda momwe ankafunira.

Pambuyo pake namwino wina adandiuza kuti zimachitika, odwala matenda amenewa ena amatha kuyimba chonsecho kuyankhula sangathe. Koma aNambewe adandiuza china. Adati tsiku lomwe lija tidapita kwawo, njinga zathu zitangokhota pa mlatho wa ngalande, a Damiano adayamba kung'ung'udza nyimbo imeneyo. Adaiyeserera tsiku ndi tsiku, miyezi yonseyo, mpaka mawu ake adabwerera onse. ANambewe atafuna kutumiza uthenga kumtunda, iwo adamenya mpando ndi dzanja, kukana. Ndidakwiya, ndisaname. Ndidati akuluakulu awiriwa makani awo adali amodzi, wina kudikira zaka zonsezo kuti apepese, wina kudikira bokosi kuti ayankhe. ANambewe adangoti mwina ankafuna ikapse kaye, poti a Ngozo sankalandira nyimbo yosapsa.

Ku mwambo wa chiliza a Damiano sadabwere, thupi lafooka, sangathenso kukwera lole. Anthu atabalalika ndidapita ndekha kunyumba ya malume. Ili chitsekere, mbatatesi za chaka chatha zamera zokha m'mizere yosapalira. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, pali malo ena pamene nthaka idalowa pansi ngati mbale, youma gwa, poti pamenepo ndi pomwe ankayeserera phazi m'mawa uliwonse asadapite kumunda. Udzu wazungulira mbali zonse koma pakatipo sudamere. Ndidavula nsapato n'kuimapo, ndipo ndidawauza mokweza kuti a Damiano adamva, adamva tsiku lomwe lija. Padalibe wondidula pakamwa. Nkhuku za kwa aneba zinkangopalasa m'mbali mwa nkhokwe.